Nesi wa PhD amene amafufuza za kuyeza khansa, ntchito yake ndi yotani kwenikweni?

Anthu ambiri akamva kuti mayi uje ndi namwino koma ali ndi PhD, funso lawo limakhala limodzi basi: "nanga bwanji sanangopanga udotolo?" Ine funso limeneli limanditopetsa, chifukwa likuonetsa kuti m'mitu mwathu unamwino ndi kasitepe kapansi, kuti nesi akalimbikira kwambiri sukulu tsiku lina adzadzuka ali dotolo. Sizili choncho ayi. Ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo ya unamwinoyi ili ndi mapulofesa ake, magazini ake a kafukufuku, ndi mafunso ake omwe madotolo kawirikawiri sakhala nawo ndi nthawi. Mbali imodzi yomwe manesi ophunzitsa kuyunivesite alowererapo kwambiri ndi ya kuyeza khansa munthu asanayambe kumva kupweteka kulikonse, ndiye tiione ntchitoyi kudzera pamenepo, poti ndi pomwe zimaoneka bwino kuti nesi wa kafukufuku amasakasaka chani chomwe ena akuchidutsa.

Mbiri pang'ono kaye, sinditalikitsa. Sukulu ya Florence Nightingale inatsegulidwa mu 1860 pa St Thomas' Hospital ku London, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake manesi amaphunzirira m'zipatala momwemo osati kuyunivesite. Chipatala chimapezerapo antchito otchipa, ophunzira amapeza luso la manja, koma za kafukufuku zinali kutali, ngakhale Nightingale mwiniwakeyo anali katswiri wa manambala, munthu amene anawerengera imfa za asilikali pa nkhondo ya ku Crimea nkuonetsa kuti ambiri amafa ndi matenda obwera ndi uve osati zipolopolo. Mu 1907 Mary Adelaide Nutting anayamba kuphunzitsa pa Teachers College ya Columbia University ku New York, ndipo ndi amene amatchulidwa kuti namwino woyamba kukhala pulofesa payunivesite. University of Minnesota inayamba maphunziro a unamwino mu 1909, Yale inatsegula sukulu yake mu 1923, magazini ya Nursing Research inayamba kutuluka mu 1952, ndipo zinatenga mpaka 1993 kuti kafukufuku wa unamwino ku America akhale ndi nthambi yokwanira payokha m'bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo lotchedwa NIH. Ndiye ntchitoyi ndi yadzulodzulo mukaiyika pambali pa ya madotolo, nchifukwa chake anthu akadadabwa nayo.

Njira yake imayenda motere, olo maiko amasiyanako pang'ono. Umayamba ndi dipuloma kapena digiri ya unamwino, kulemba mayeso a khonsolo, kulandira chiphaso, kenako kukagwira m'wodi zaka zingapo. Zaka zimenezi sizolumpha. Ophunzira amamuzindikira msanga mphunzitsi amene sanachezerepo pa naiti, amene sanasowepo mtsempha wa mwana kanyula ili m'manja mayi ake akumuyang'anitsitsa, ndipo akangomuzindikira ulemu wathera pomwepo. Kenako mastazi, kawirikawiri zaka 2, kaya ya uzamba, kaya ya umoyo wa anthu m'madera, kaya ya chisamaliro cha odwala khansa kapena ya kaphunzitsidwe komwe. Kenako PhD, yomwe pa pepala amati zaka 3 kapena 4 koma kwa munthu amene akugwiranso ntchito nkumaleranso ana imatha kufika 6 osadziwa kuti zadutsa bwanji. Ukatero ndiye makwerero aja, lekichala, lekichala wamkulu, wachiwiri kwa pulofesa, pulofesa. Ku America kuli dongosolo loti pakatha zaka pafupifupi 6 amakuunika, ukapambana mpando ndi wako mpaka kupuma, ukalephera uzikafuna kwina. Poti manesi ambiri amayamba PhD atagwira kale zaka zambiri m'chipatala, amafika pa makwererowa imvi zitayamba kale, pomwe anzawo a masayansi ena anangochoka m'kalasi nkulowa mu labu.

Ndipo ntchitoyi ndi ntchito zitatu pa malipiro amodzi. Kuphunzitsa, kufufuza, ndi zina zonse zomwe amazitcha kutumikira, zomwe kunena zoona ndi misonkhano. Kuphunzitsa unamwino sikungoima kutsogolo ndi kompyuta ayi. Pali chipinda cha zidole zophunzirira komwe wophunzira amabaya jekiseni mkono wa pulasitiki kambirimbiri asanakhudze munthu, pali mayeso aja a OSCE omwe anayambira ku Dundee m'ma 1970 pomwe wophunzira amazungulira masiteshoni belu likulira, apa yeza BP, apa fotokozera mayi zotsatira zake, mphunzitsi ali pambali ndi pepala kuchonga, ndiye palinso kuwatsatira ophunzira m'mawodi komwe lekichala amayankha mlandu mwana wake akalakwitsa mankhwala. Kafukufuku amalembedwa usiku kapena pa holide, zimenezo aliyense wa ntchitoyi angakuuzeni. Lipoti la WHO la mu 2020 linati padziko pali manesi pafupifupi 27.9 miliyoni ndipo pakuperewera 5.9 miliyoni, koma chomwe anthu samachiona nchoti mpata umenewu sungatsekeke popanda aphunzitsi. Ku America masukulu a unamwino amabweza chaka ndi chaka makalata zikwi makumi angapo a anthu okhoza bwinobwino, chifukwa chimodzi chachikulu kukhala kuchepa kwa owaphunzitsa, poti nesi wa mastazi amalandira zambiri akakhala kuchipatala kusiyana ndi m'kalasi.

Tsopano ku khansa kuja.

Pali kusiyana pakati pa kuyeza munthu amene wabwera akudwala ndi kuyeza munthu amene akudzimva kuti ali bwinobwino. Woyambayo wabwera yekha ndi vuto lake. Wachiwiriyu mwachita kumuitana inuyo, mwamusiyitsa ntchito zake, ndiye muli ndi ngongole kwa iye, muzikhala otsimikiza kuti zomwe mukufuna kumuchita zimupindulira kuposa kumuvulaza. Mu 1968 anthu awiri, James Wilson ndi Gunnar Jungner, analembera WHO mfundo 10 zoti zikwanire musanayambe kuyeza gulu la anthu osadwala, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense wa mastazi wa mbali imeneyi amaziloweza. Mwa zina, matendawo akhale ndi nyengo yobisika yomwe angapezeke asanakule, njira yoyezera ikhale yoti anthu angailole, ndipo pakhale chithandizo kwa amene apezeka nawo. Mfundo yomalizayi imamveka yachidziwikire koma ndi yomwe imaphwanyidwa kwambiri, kampeni ya tsiku limodzi, mahema, masikipa, amayi 400 ayezedwa, zithunzi pa Facebook, koma funsani kuti aja anapezeka ndi vuto ali kuti lero.

Khansa ya khomo la chiberekero ndi yomwe imakwanira bwino pa mfundo zimenezi kuposa ina iliyonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina m'moyo ndipo thupi limakachotsa lokha. Mwa amayi ochepa kamakanirira, nkuyamba kusintha maselo a pakhomo pang'onopang'ono, ndipo kuti zifike pa khansa zimatenga zaka 15 mpaka 20, kapena 5 mpaka 10 kwa amene chitetezo chatsika. Mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake nchokwera ka 6. Zaka zonsezo ndi mpata woti muone kachilonda nkukachotsa kasanasanduke khansa. George Papanicolaou ananena koyamba mu 1928 kuti maselo a khansa amaoneka pa maikulosikopu mukapala pang'ono, anthu sanamulabadire mpaka bukhu lomwe analemba ndi Herbert Traut mu 1943, ndiye kubadwa kwa Pap smear kumeneko. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi gulu lake anapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, mitundu iwiri yomwe imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya khansayi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Katemera woyamba anavomerezedwa mu 2006. Sayansi yonse ilipo. Koma mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 anapezeka nayo ndipo 350,000 anamwalira, oposa 90 pa 100 a omwalirawa m'maiko osauka ndi apakatikati. Kusiyana kumeneku, pakati pa zomwe labu inatulukira kalekale ndi zomwe zikumuchitikira mayi weniweni, ndiye munda wa nesi wa kafukufuku.

Pap smear imafuna labu, katswiri wowerenga magalasi aja, ndi njira yomupezeranso mayi patatha milungu. Komwe zimenezi kulibe kunabwera njira ya viniga, ija amati VIA, ndipo ndiifotokoze bwino chifukwa ndi yomwe inaika nkhani yonse m'manja mwa manesi. Mayi amagona pa bedi, nesi amalowetsa chipangizo chija chonga mlomo wa bakha kuti khomo lioneke, amawalitsa nyali, amapukuta chinyezi, kenako amanyowetsa thonje ndi viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 pa 100 nkupaka pakhomopo. Ndiye kudikira mphindi imodzi yathunthu, ndipo ophunzira ambiri amalakwitsa apa, amaona ngati mphindi yakwana pomwe padutsa masekondi 20, nchifukwa chake mphunzitsi wabwino amaumirira kuti maso akhale pa wotchi. Malo omwe maselo asintha amasanduka oyera, oyera kokhuthala, a m'mphepete moonekera, ogundana ndi mzere uja pomwe khungu la kunja limakumana ndi la m'kati mwa khomo. Komatu si choyera chilichonse. Chikazi chikhoza kuoneka choyera, kutupa kukhoza kuyera mopyapyala, nyali ikhoza kunyezimira nkukunamiza. Kwa mayi amene anasiya kusamba mzere uja umabwerera m'kati osaonekanso, ndiye njirayi imagwira bwino pa zaka 30 mpaka 49. Kachilonda kakaoneka ndipo nkakang'ono, kamachotsedwa tsiku lomwelo, kaya pokaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, mphindi 3, kupumira 5, kenako 3 zina, kaya pokaotcha ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa masekondi 20 kapena 30, komwe masiku ano kamayendera batire nkukwana m'chikwama.

Mukaona bwino, chipangizo choyezera apa ndi diso la nesi. Ndiye funso loti diso limeneli limaphunzitsidwa bwanji, limafunika kuona makomo angati lisanadaliridwe, limayamba kuiwala pakatha miyezi ingati, ndi funso la kaphunzitsidwe komanso la kafukufuku nthawi imodzi. Apa ndi pomwe ntchito ziwiri zija zimakumana. Ku Zambia pulogalamu yomwe inayamba mu 2006 inapereka ntchitoyi kwa manesi nkuwapatsanso kamera, chithunzi cha khomo chimakulitsidwa pa sikirini, mayi mwiniwake amatha kuona, ndipo manesi amakumana kuunikanso zithunzizo limodzi ndi madotolo. Ku India, m'boma la Dindigul, kafukufuku amene anatuluka mu 2007 anaonetsa kuti VIA yochitidwa ndi manesi ophunzitsidwa inachepetsa khansayi ndi pafupifupi 25 pa 100 ndipo imfa ndi 35 pa 100. Koma patangotha zaka 2 kunatuluka wina wa ku Osmanabad, wa amayi oposa 130,000, wotsogoleredwa ndi Rengaswamy Sankaranarayanan yemwe anatsogoleranso wa ku Dindigul uja, ndipo kumeneko kuyeza HPV kamodzi kokha kunachepetsa imfa pafupifupi ndi theka pomwe VIA sinaonetse kusintha kokhutiritsa. Viniga yemweyo, dziko lomwelo, zotsatira zosiyana. Ambiri amaloza ku maphunziro a oyeza ndi kutsatira bwino amayi opezeka ndi vuto. Kuyambira 2021 WHO imalimbikitsa kuti poyambira pakhale kuyeza HPV, kuyambira zaka 30 ndipo pakapita zaka 5 mpaka 10 kubwereza, pomwe amayi a HIV ayambe pa 25 nkumabwereza pa zaka 3 mpaka 5.

Pali masamu ena omwe wofufuza aliyense wa mbali iyi amayenera kuwadziwa ngati dzina lake, ndipo amawavuta ophunzira chaka ndi chaka. Tingoyerekeza, manambala awa ndi ongophunzirira. Mwayeza amayi 1,000, ndipo mwa iwo 20 ali ndi kachilonda koyambirira. Njira yanu imagwira 70 pa 100 ya odwala, ndiye mwapeza 14, enawo 6 apita kwawo akusangalala kuti ali bwino. Mwa 980 opanda vuto aja njira yanu imanamizira 10 pa 100, ndiwo amayi 98. Ndiye mwauza amayi 112 kuti "tapeza kenakake" pomwe enieni ndi 14 basi. Ena 98 aja sagona tulo, ena aotchedwa khomo lopanda vuto, ena akakangana ndi amuna awo. Sikuti kuyezako nkolakwika, koma mtengo wake ndi umenewo ndipo wina ayenera kuuwerengera.

Msampha wina ndi uwu. Amayi awiri, onse amwalira ndi khansa ali ndi zaka 60. Woyamba inapezeka ali ndi 57 atayamba kudwala, wachiwiri inapezeka ali ndi 50 pa kampeni yoyeza. Pa lipoti mulemba kuti woyezedwayo anakhala zaka 10 pomwe mnzakeyo zaka 3, nkuomba m'manja, chikhalirecho palibe tsiku olo limodzi lomwe lawonjezeka, mwangomudziwitsa msanga. Nchifukwa chake ofufuza enieni safunsa kuti opezeka akhala zaka zingati, amafunsa ngati imfa zachepa m'gulu lonse. Ndipo pali zoti mutha kupeza khansa yomwe sikanamupha munthu. Ku South Korea atayamba kuunika chithokomiro ndi makina mwaunyinji, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinakwera ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011 koma imfa zinali pomwepo, anthu zikwizikwi anachitidwa opaleshoni nkuyamba kumwa mankhwala moyo wonse.

Chomwe manesi abweretsa kwambiri pa nkhaniyi, mmene ndikuonera ine, ndi funso loti nchifukwa chani anthu sabwera, ndipo akabwera nchifukwa chani sabweranso. Funsoli si latsopano. M'ma 1950 boma la America limayendetsa magalimoto a X-ray ya TB yaulere m'madera koma anthu osabwera, ndiye akatswiri ena a kaganizidwe, mmodzi mwa iwo Godfrey Hochbaum, anayamba kufufuza, nkutulukapo chiphunzitso chomwe amachitcha Health Belief Model. Mwachidule chimati munthu amapita kukayezetsa akamakhulupirira kuti matendawo akhoza kumugwira iyeyo, kuti ndi oopsa, kuti kuyezetsa kuli ndi phindu, ndipo zomutchinga sizikuposa phindulo. Namwino wina wa ku Indiana University, Victoria Champion, anatenga chiphunzitsochi nkupanga mndandanda wa mafunso woyezera zikhulupiriro zimenezi pa khansa ya m'mawere, anausindikiza mu 1984, nakhala akuukonza zaka zotsatira, ndipo wamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Ntchito ya moyo wa munthu imatha kukhala imeneyo, osati mankhwala atsopano, koma muyeso woti ena azigwiritsa ntchito. Ndipo kumasulira mafunso otere ndi kafukufuku payekha, chifukwa funso loti "ndikuona kuti ndikhoza kudzadwala khansa" pali anthu amene saliyankha nkomwe poopa kudziitanira tsoka, ndiye ukangomasulira mawu osayesa kaye pa anthu manambala ako onse ndi bodza.

Komanso ntchitoyi imafuna mtima wovomera kugonja. Kwa zaka zambiri manesi padziko lonse amaphunzitsa amayi kudziyeza mawere okha mwezi ndi mwezi, ndondomeko yake, zala zitatu, kuzungulira, mapepala a kafukufuku ambirimbiri analembedwa pa momwe mungawalimbikitsire. Kenako mu 2002 kunatuluka zotsatira za ku Shanghai, amayi a m'mafakitale oposa 260,000, ndipo gulu lophunzitsidwa kudziyeza silinachepe imfa, linangochulukitsa odulidwa kanyama kokayeza nkupezeka kuti si khansa. Tangoganizani kuti PhD yanu inali pa zimenezo. Sizikutanthauza kuti mayi asamalidziwe bere lake, akaona chotupa athamange ndithu, makamaka komwe amayi amafika kuchipatala mochedwa, koma uthenga unayenera kusintha ndipo manotsi a m'kalasi anayenera kulembedwanso. Mphunzitsi amene sawerenga amapitiriza kuphunzitsa za mu 1990 ndi nkhope yowala.

Zotchinga zija ukazifufuza pafupi sizikhala zomwe unalemba mu pulopozo. Umapita ukuganiza kuti vuto ndi kusadziwa, ndiye ukakhala pansi ndi amayi ndi kachojambulira mawu umamva zina, wina akuopa chitsulo chija poti anamva kuti chimapweteka, wina sakufuna kuvulira mwamuna, wina akuti akapezeka nayo ndiye chani poti ndalama ya chithandizo alibe bola osadziwa, wina anabwera kawiri nkupeza woyeza kulibe. Akachotsedwa kachilonda amauzidwa kuti atuluka madzi kwa milungu ingapo ndipo asagonane kwa milungu 4, ndiye funso limakhala loti akamuuza bwanji bambo kunyumba, ndipo ena amakana chithandizo pa chifukwa chimenechi chokha. Kafukufuku wa mtundu uwu, womvetsera anthu nkusanthula mawu awo, ena a manambala amamuderera kuti ndi macheza, koma ndi amene amakuuza chifukwa chake makina okwera mtengo angokhala mu sitolo. Dotolo wina wa ku Harlem ku New York, Harold Freeman, anayambitsa mu 1990 dongosolo loti wodwala wosauka akhale ndi munthu womuperekeza m'njira yonse kuyambira tsiku lomwe chotupa chaoneka mpaka chithandizo, ndipo lero m'zipatala zambiri operekezawo ndi manesi, ofufuza ngati zikugwira nawonso ambiri ndi manesi.

Kafukufuku mmodzi kuti atheke, njira yake ndi yaitali moti ena amathera panjira. Ulembe pulopozo, upemphe ndalama kwa opereka thandizo omwe amakana ambiri kuposa amene amawavomera, udutse ku komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa, upemphe chilolezo kuchipatala, uphunzitse okuthandiza, utolere, usanthule, ulembe, utumize ku magazini, akatswiri awiri kapena atatu osadziwika maina akung'ambe, ukonze, mwina akanebe, utumize kwina. Zaka 3 zatha pa pepala limodzi la masamba 8. Komiti ija ofufuza amaidandaula kuti imachedwetsa, koma mbiri ya khansa yomweyi ikuonetsa chifukwa chake ilipo. Ku National Women's Hospital ku Auckland, New Zealand, kuyambira 1966 dotolo Herbert Green amangowayang'anira amayi omwe anali ndi maselo osintha kwambiri osawapatsa chithandizo chokwanira, pofuna kutsimikiza maganizo ake oti sizisanduka khansa, amayiwo osauzidwa kuti ali mu kafukufuku. Ena inawagwira, ena anamwalira. Nkhani inaphulika mu 1987 Sandra Coney ndi Phillida Bunkle atailemba m'magazini, ndipo kufufuza kwa jaji Silvia Cartwright kunatulutsa lipoti mu 1988 lomwe linasintha malamulo a ufulu wa odwala m'dzikolo. Ngakhale makafukufuku a ku India aja anadzudzulidwa ndi ena chifukwa chokhala ndi gulu la amayi osayezedwa loyerekezera.

Chimodzi chomwe chimandinyansa ndichinene. Pa mapulojekiti ambiri akuluakulu manesi ndi amene amayeza, kulemba m'kaundula, kuimbira amayi foni, kuwasaka akasowa, koma pepala likatuluka maina a pamwamba ndi a ena, manesi ali kumapeto m'kandime ka "tikuthokoza". Pomwe kuyunivesite kukwezedwa amawerenga mapepala omwe dzina lako lili pa olemba, makamaka poyamba kapena pomaliza. Nesi amene akufuna njira iyi aphunzire kukambirana za dzina lake pulojekiti isanayambe, osati itatha. Achenjerenso ndi magazini achinyengo aja amakutumizira imelo yokutamanda nkusindikiza chilichonse ukalipira, chifukwa komiti yokweza anthu imawadziwa ndipo pepala lotero limakuchotsera ulemu m'malo mokuonjezera.

Mu November 2020 WHO inakhazikitsa ndondomeko yothetsa khansa ya khomo la chiberekero, ndi zolinga zitatu zofika 2030, atsikana 90 pa 100 alandire katemera asanapitirire zaka 15, amayi 70 pa 100 ayezedwe ndi njira yodalirika pofika zaka 35 ndi kubwereza pofika 45, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Dziko lidzatchedwa kuti lathana nayo odwala atsopano akatsika pansi pa 4 mwa amayi 100,000 pa chaka. Australia inasiya Pap smear nkusamukira ku HPV mu December 2017, ndipo kuyambira 2022 mayi aliyense woyenera kuyezedwa kumeneko amatha kusankha kudzitenga yekha ndi kathonje ka pa kamtengo, popanda bedi, popanda mlomo wa bakha. Njira yodzitengayi ikuchotsa manyazi ndi mantha zomwe manesi akhala akuzilemba m'mapepala awo zaka zonsezi, koma yabweretsa mutu wina. Ndi viniga yankho limapezeka mayi akadali pa bedi. Ndi HPV kathonje kapite ku makina, ena amatulutsa yankho pa ola limodzi koma ambiri ndi masiku kapena milungu, mayi wapita kale. Ndipo yankho loti "muli ndi HPV" sikuti muli ndi khansa, ambiri mwa iwo alibe olo kachilonda, ndiye wina amufotokozere zimenezi mosamuopseza komanso mosamupeputsira mpaka osabweranso, amuyankhenso funso lomwe limabwera nthawi zonse loti "ndiye anandipatsira ndani", pomwe kachilomboka kakhoza kukhala kakugona m'thupi zaka zambiri.

Mitu ya ma PhD a unamwino panopa yadzaza ndi zimenezi. Uthenga wa pafoni ulembedwe bwanji ngati foniyo amagwiritsa ntchito anthu atatu pakhomo. Pulogalamu ya kompyuta yowerenga chithunzi cha khomo imuthandiza nesi kapena imupangitsa ulesi wa maso. Wophunzira wa chaka chachitatu ayesere kangati kunena mawu aja oti "muli ndi HPV" pa chidole kapena pa mnzake asanakawanene kwa mayi weniweni. Ndipo wina pakali pano wakhala m'kachipinda ka kiliniki ndi kaundula wa chaka chatha, chala chikutsika mzere ndi mzere pa danga lija la "anabweranso", kuwerenga mipata yomwe sinalembedwe kanthu, kuti mawa ayambe kuimba manambala aja mmodzimmodzi.